Anandiuza kuti giyabokosi yatha, koma Corolla yanga ikuyendabe

Nkhaniyi ndakhala ndikufuna kuilemba kuyambira Julayi koma ntchito ndi ana, mukudziwa kale mmene zimakhalira. Chandidzutsa ndi foni ya dzulo madzulo, mnzanga wina wa kutchalitchi akuti galimoto yake ikuguguda ikamasintha giya ndipo amuuza kale kuti asavutike, angosaka giyabokosi ina. Mau omwewo amene anandiuza ine, osasintha olo limodzi. Nde ndati bola ndikhale pansi ndilembe zonse mmene zinayendera, mwina wina angapulumutse ndalama ya fizi.

Yanga ndi Corolla NZE121 ya 2003, injini 1NZ ija ya 1.5, automatic ya magiya anayi. Inabwera kuchokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam kalekale, ine ndinagula kwa munthu amene anali ataiyendetsa kale muno zaka zingapo. Ndimakhala ku Area 25 ntchito ndimagwira ku Old Town, nde tsiku lililonse ndi Kanengo, M1, Area 18, kenako mzere uja woti kuyenda pang'ono kuima, kuyenda pang'ono kuima, mpaka ku tauni. Galimoto imeneyi ndi imene imapititsa ana kusukulu, ndi imene inanyamula mayi anga usiku atadwala, nde itayamba kuvuta mtima sunakhale m'malo.

Zinayamba mu Juni, kuzizira kuja koti m'mawa mpweya ukutuluka utsi mkamwa. Ndikailiza nkuchotsa pa P kuika pa R kuti ndituluke pa geti, imangoti gu! mpaka mpando kugwedezeka, ngati wina waimenya kumbuyo. Ndikalowa mu msewu, pochoka giya yoyamba kupita yachiwiri injini imayamba yalira kaye mokweza kenako nkumenya, makamaka ndikangotsika hampu kapena ndikangokhota. Komanso ndinaona kuti pa M1 pamene pali mpata wothamanga imachedwa kulowa giya yomaliza, ma rev, kutanthauza liwiro limene injini ikuzungulira, ali m'mwamba, mafuta akutha ngati tanki yabooka. Ndi mmene petulo akuvutira kupeza masiku ena, chimenechi chinandipweteka kuposa kugugudako.

Ndinapita nayo pa galaja ina, sinditchula. Mnyamata anaikwera, kuzungulira nayo kamodzi, olo boneti sanatsegule, atabwera akuti bwana giyabokosi iyi yatha, pali ina yochoka mu galimoto ya ngozi tikhoza kukupezerani lero lomwe. Mtengo umene anatchula unali woti fizi ya ana awiri teremu yonse nkutsalako ngongole. Ndipo chimene chinandivuta kwambiri nchoti giyabokosi yogula choncho palibe amene amadziwa kuti yayenda mtunda wotani, inkathiridwa chani, mwina nayonso ili ndi matenda ake ongodikira. Ndinangoti ndikaganize kaye.

Loweruka ndinapita kwa amalume ku Kawale. Iwowa anagwira ntchito ya udalaivala zaka zambirimbiri mpaka kupuma, ndipo ndi anthu aja oti galimoto ikalira amadziwa kuti yalira chani. Ndimayembekeza kuti atenga masipanala, koma ayi, anandikhazika pa mpando nkuyamba kundifunsa ngati kuchipatala. Imamenya ikazizira kapena ikatentha? Giya iti kupita iti? Ukaponda moto pang'ono kapena kwambiri? Ma rev amakwera kaye isanamenye, kapena imangomenya basi? Ine mayankho ndinalibe, ndimangoti imaguguda amalume. Akuti mphwanga, kuguguda si dzina la matenda, pita ukalembe mu kope sabata yonse kuti yachita chani, nthawi yanji, pamalo pati, ubwerenso Loweruka.

Ndinalemba ndithu, ndipo apa mpamene maso anatseguka. Kope linaonetsa kuti si vuto limodzi, ndi zinthu zitatu zosiyana zimene ine ndimazimanga mtolo umodzi. Gu wa pa geti uja amakula m'mawa, masana amachepa koma osatheratu. Kulira kenako kumenya kuja kumabwera nthawi iliyonse koma makamaka pokhota ndi pa mahampu. Kuchedwa kwa giya yachinayi kunali kwa m'mawa ndi usiku kokha, ndikakhala mu mzere wa magalimoto masana dzuwa likuswa mtengo imasintha bwinobwino.

Amalume anandifotokozera mmene chinthuchi chimagwirira ntchito ndipo ndiyesa kubwereza mmene ndinamvera. Mu automatic mulibe phazi la munthu loponda kilatchi, ntchito yonse imagwiridwa ndi oyilo wa giyabokosi, amene amamutcha ATF. Muli pampu imene imamukankha mwamphamvu, iye nkumakafinya timakilatchi tambiri tili mkatimo, kagulu kena kakagwira ndiye giya yoyamba, kena kakagwira ndiye yachiwiri, choncho. Amene amatsegula ndi kutseka njira za oyiloyo ndi ma solenoid, ndipo ma solenoid amauzidwa ndi kompyuta, kompyutanso imamvera masensa, kuti mwaponda moto motani, galimoto ikuthamanga bwanji, injini yatentha kufika pati. Nde giyabokosi yabwinobwino ikhoza kumenya chifukwa oyilo wachepa, kapena chifukwa yauzidwa zabodza ndi sensa, kapena olo chifukwa cha chinthu choti sichili mu giyabokosi nkomwe. Ma rev akamakwera kaye kenako nkumenya, kawirikawiri ndiye kuti mphamvu ya oyilo yachedwa kufika kapena makilatchi akuterereka. Ikamangomenya osaterereka, muziganiza za mphamvu yochuluka, ma rev okwera, masensa, kapena zogwirira injini.

Tinayamba ndi oyilo, ndipo apa ndikhalitsa pang'ono chifukwa ambiri timayeza molakwika. ATF sayezedwa ngati oyilo wa injini. Pa Toyota ngati yangayi galimoto iyambe yayenda mpaka itenthe bwino, oyiloyo afike cha m'ma 70 mpaka 80 digiri, muimike pamalo osatsetsereka, handibuleki mmwamba, injini ikulira osazimitsa, phazi pa buleki muyendetse ndodo ya giya kuchoka P kudutsa R, N, D, 2 mpaka L, kuima pang'ono paliponse, kenako kubwerera pa P. Mukatero ndi pamene muzula dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo kaja, kupukuta ndi kansalu koyera kosathothoka, kubwezera mpaka pansi, kuzulanso, nkuona ngati wafika pamene alemba HOT. Ma Honda ambiri akale ndi osiyana, iwo amayeza injini itangozimitsidwa kumene, nde osangotengera za Toyota pa galimoto iliyonse.

Wanga anali pansi pa HOT, pansi ndithu, kungonyowetsa kunsonga. Nchifukwa chake pokhota ndi pa hampu imaterereka, oyilo wochepayo akathawira mbali imodzi pampu imayamwa mpweya, mphamvu nkugwa, kenako ikabwerera nkumenya. Amalume anadontheza pa pepala loyera. ATF watsopano amakhala wofiira kuti psuu, woonekera. Wanga anali wa bulauni, wotopa, koma atanunkhiza akuti sanapse. Fungo lopserera, ngati nsima yapserera pansi pa poto, kuphatikiza mtundu wakuda bii ndi tizinyalala, limenelo ndiye limanena kuti makilatchi ayamba kutha. Palinso mtundu wina woopsa kwambiri, oyilo akamaoneka ngati wasakanizidwa ndi mkaka, wa pinki wotuwa, ndiye kuti mwalowa madzi. Pa magalimoto amenewa ATF amadutsa mu kapaipi ka mkati mwa rediyeta kuti azizire, kapaipiko kakabooka madzi ndi oyilo zimakumana, ndipo zikatero musayendetsenso olo kupita pa sitolo.

Oyilo sangochepa yekha, giyabokosi siiwotcha oyilo ngati injini yotopa, akachepa ndiye kuti akudontha penapake. Tinagona pansi ndi tochi ya foni, tinapeza ponyowa pamene shafiti yopita ku teyala imalowera mu giyabokosi, silo, kalabala kotsekera oyilo kuti asatuluke, yatha, fumbi lamatirira pamenepo kupanga phala lakuda. Pakhomo panga ndi pa dothi nde madontho sindimawaona.

Kenako amalume anandionetsa chinthu choti zaka zonsezi sindinachiwerengepo, pa dipisitiki penipenipo analemba kuti TYPE T-IV. Anandifunsa kuti mmenemo mumathiridwa chani. Ndinakumbuka kuti pa sevisi ina anandiuza kuti awonjezera ATF, anatenga mu botolo lopanda dzina, ine sindinafunse. Anthu ambiri muno amaganiza kuti ATF ndi ATF basi bola akhale wofiira. Si choncho. Dexron II ndi Dexron III ndi wa magalimoto akale kwambiri, T-IV ndi wina, WS wa ma Toyota obwera pambuyo ndi winanso, ndipo kusiyana kwake kuli pa mmene amagwiritsira makilatchi, wolakwika amapangitsa kuti agwire modzidzimutsa kapena monjenjemera. Nde inu amene muli ndi ma Honda Fit, ma Ractis, ma Vitz atsopanoko, ma Note, ambiri mwa amenewa ndi CVT, mulibe magiya anayi ngati anga muli lamba wachitsulo, oyilo wake ndi wakewake wa CVT, mukathira ATF wamba mwaipha ndi manja anu. Chonde werengani pa dipisitiki kapena mu buku musanalole munthu kutsegula botolo.

Pa nkhani yosintha oyilo pali mkangano umene sutha. Ena amati galimoto yakale osasintha ATF, ukangosintha imafa. Ena amati ilumikizeni pa makina atsuke zonse kamodzi. Ine mmene ndaonera, ndipo amalume amatero, mbali zonse zikukokomeza. Giyabokosi imene imafa akangosintha oyilo imakhala kuti inali itafa kale, makilatchi anatha, imangogwira ndi phulusa lawo lomwe limayandama mu oyilo wakaleyo. Koma kutsuka ndi makina mwamphamvu pa galimoto ya zaka zoposa 20 ndimakuopa, kukhoza kutakasa zinyalala nkukazitsekera mu tinjira tating'ono ta valve body, mmene oyilo amagawidwira kupita ku makilatchi. Ife tinachita zapakati. Tinapita kwa makaniko wina wachikulire cha ku Biwi amene amalume amamudziwa, anakhetsa oyilo, kumasula sampu (kabeseni ka pansi pa giyabokosi kosungira oyilo), kusintha sefa ya mkati ndi gasiketi, kusintha silo ija, kuthira T-IV. Mudziwe kuti pokhetsa chonchi satuluka yense, wambiri amatsalira mu torque converter (chigubu cha oyilo cholumikiza injini ndi giyabokosi) ndi mu mapaipi, nde patapita masabata awiri tinakhetsanso nkuthiranso wina kuti watsopano achuluke. Osathira mopyola, oyilo wodzadza kwambiri amachita thovu, thovu silikankha kilatchi, vuto limabwerera lomwe lija.

Sampu itatsika mtima unali m'mwamba chifukwa mmenemo ndi mmene muli chilungamo chonse. Pansi pake pamakhala timaginito togwira fumbi la zitsulo. Mukapeza kaphala kotuwa kosalala ngati mwakhudza makala onyowa, zimenezo nzabwinobwino kwa galimoto yoyenda. Mukapeza tizidutswa tonyezimira togwirika ndi zala, kapena zinyenyeswa zakuda zambiri, pamenepo ndiye mukhoza kuyamba kulira. Mwanga munali kaphala kokha. Makaniko uja anandiitana kuti achimwene bwerani muone nokha, giyabokosi yakufa simaoneka chonchi.

Kuterereka ndi kumenya kwa giya yachiwiri kunatha tsiku lomwelo. Koma gu wa pa geti anatsala.

Ameneyu tinamupeza mosavuta zedi. Boneti yotsegula, handibuleki mmwamba, ine mkati phazi pa buleki mwamphamvu, iwo ataima pambali, osati kutsogolo, chonde munthu asaime kutsogolo kapena kumbuyo pochita izi. Ndinaika pa D, kenako R, kukhudza moto pang'ono chabe. Injini imadumpha ngati ikufuna kutuluka. Maunting'i ya kumbuyo, chogwirira injini, labala yake inali itang'ambika mbali zonse, chitsulo chikumenya chitsulo. Ndi misewu yathu ya m'makwalala nthawi ya mvula, maenje, mahampu osawerengeka, labala imeneyi singakhale zaka 20. Nde kagwedezeko kakang'ono kamene labala yabwino imameza, ine ndimakamva ngati nyundo. Palibe chokhudza giyabokosi olo pang'ono.

Chachitatu ndi chimene ndikufuna aliyense amve chifukwa ndi chizolowezi chathu muno. Amalume anandifunsa kuti kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini kamakhala pati ndikamathamanga. Ndinati pansi, ndipo ndimasangalala nazo kuti galimoto yanga siiwira. Anapukusa mutu. Atamasula pamene pamakhala thermostat, kachitseko kotsekera madzi kuti asapite ku rediyeta injini isanatenthe, munalibe kanthu, wina anaichotsa kale ndisanagule. Amakaniko ambiri amachotsa, amati kuno nkotentha thermostat ndi ya ku Japan kozizira. Koma thermostat ya injini imeneyi imatseguka cha pa 82 digiri, ntchito yake ndi kuthandiza injini kufika msanga pa kutentha koyenera nkukhala pomwepo. Ikachoka, madzi amazungulira mu rediyeta kuyambira poliza, m'mawa wa Juni pa M1 mphepo ikuomba injini siitentha nkomwe. Tsono kompyuta ya Toyota inapangidwa kuti madzi akakhala ozizira, cha pansi pa 60 digiri, isalole giya ya overdrive, imene ndi yachinayi ija, ndi lock-up, kumene ndi kumanga injini ndi giyabokosi kuti ziyende pamodzi osaterereka. Galimoto imangomvera lamulo lake, imadikira kutentha kumene sikukubwera. Komanso injini yozizira imalira ndi ma rev okwera ndi kumwa mafuta ambiri, nde ukaika pa D kapena R ma rev ali pamwamba choncho imalowa momenya. Nchifukwa chake gu uja amakula m'mawa. Tinaika thermostat yatsopano, kutsukanso throttle body, polowera mpweya mu injini, imene inali yakuda ndi mwaye, ikatentha tsopano imalira phee cha m'ma 700, giya yachinayi imalowa ndisanafike ku Kanengo.

Za kompyuta ndinene pang'ono. Tinaiika ndithu pa makina kuti tione ngati pali kodi (code), nambala imene kompyuta imasunga ikaona vuto. Kamakina kotchipa kolumikiza ku foni kanakana kulankhula nayo, magalimoto ambiri akale opangidwira msika wa ku Japan amatero, nde munthu akakuuzani kuti palibe kodi mufunse ngati makina ake analumikizana nayo nkomwe. Pa makina akuluakulu inawerengeka, munalibe kodi ya giyabokosi. Zikanakhala kuti mwatuluka P0750 kapena P0755 bwenzi tikuyang'ana ma solenoid osinthira magiya, P0500 ndi sensa ya liwiro, P0120 ndi sensa ya pa throttle. Ndipo olo kodi itatuluka, siikunena kuti gulani giyabokosi, nthawi zambiri ndi waya wothyoka, pulagi yolowa madzi potsukitsa injini, kapena solenoid imodzi imene imasinthika sampu itatsika. Onaninso mitu ya batire ndi waya wa ethi, magetsi osakhazikika amasokoneza zonsezi. Amene muli ndi ma Toyota akale kuposa yanga, ma Corolla a m'ma 1990 aja, kanyali ka O/D OFF kakamaphethira kokha ndiye kuti giyabokosi ikudandaula, ndipo mukalumikiza TE1 ndi E1 mu kabokosi ka DIAGNOSIS ka mu boneti kamaphethira manambala, 62 ndi 63 ndi ma solenoid, 42 ndi sensa ya liwiro. Amenewanso ali ndi kebulo yochoka pa throttle kupita ku giyabokosi, ikakokeka kwambiri magiya amamenya, ikalekerera amaterereka, ndipo kuikonza ndi sipanala ziwiri basi.

Pomaliza amalume anandiyesetsa mayeso amodzi amene aliyense angachite pakhomo ndi wotchi ya pa foni. Galimoto itatentha, handibuleki mmwamba, phazi pa buleki, kuchoka pa N kuika pa D nkuwerenga nthawi mpaka mumve kuti yagwira. Toyota imati isapyole masekondi 1.2, kuchoka N kupita R isapyole 1.5, muyese katatu kupumira mphindi imodzi pakati. Ikamatenga masekondi atatu anayi oyilo ali wokwanira komanso woyenera, pamenepo ndiye mkati mwatopadi. Yanga inagwira nthawi yake.

Sindikunena kuti giyabokosi siifa ayi, imafa ndithu. Ikamaterereka pa giya iliyonse ikatentha, ikamakana kubwerera m'mbuyo, ikamalira ngati chigayo, oyilo wakuda wonunkha kupsa, zitsulo mu sampu, pamenepo palibe kuchitira mwina. Ndipo zina timaipha tokha, kuika pa D galimoto ikubwererabe m'mbuyo, kuigwira pa chitunda ndi moto m'malo mwa buleki, kuikoka ndi chingwe mtunda wautali matayala akutsogolo ali pansi injini itazima pamene pampu siikuzungulira, kuidzadza matumba a chimanga pochokera kumudzi nkukwera nayo mapiri a ku Dedza oyilo ali wakale. Yanganso siili ngati yatsopano, m'mawa kukazizira kwambiri ndimaimvabe pang'ono ikamalowa yachiwiri, nde ndimaisiya ilire kamphindi ndisanatuluke ndipo Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi ndimazula dipisitiki ikadali yotentha.

Mnzanga uja ndamuuza kuti asagule kanthu, asalole munthu kuthira kanthu, atenge kope alembe mpaka Lachisanu. Ndamufunsa kuti pa dipisitiki yake analemba chani, akuti sakudziwa kuti ili mbali iti. Loweruka m'mawa ndikamutenga tipite limodzi ku Kawale, amalume ndawaimbira kale, akuti tibwere ndi pepala loyera ndipo galimotoyo tisaizimitse tikafika.